Matayala aakulu, kilatchi yotopa

Pepani ndinasowa kwa masabata angapo. Ndinali pansi pa mtengo wa mango ndi njinga yanga yamoto, manja ali bii ndi oyilo.

Amene munakulira kuno ku chigwa cha Phalombe mukulidziwa dothi lathu la makande. M'chilimwe limang'aluka, mvula ikagwa limamata ngati ulimbo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 sukulu zinatsekedwa, misewu ndi milatho zinaonongeka, ndipo kanjira kanga kopita kusukulu sikanabwererenso mwakale. Teremu yachiwiri ndi imene ana a Fomu 4 amafuna mphunzitsi kwambiri poti mayeso a MSCE amakhala akuyandikira. Ine ndinkafika piriyodi yoyamba itatha, buluku lili matope okhaokha.

Ndiye ndinaganiza mochenjera. Ndinachotsa tayala lakumbuyo la 3.00-18 n'kuikapo la 3.50-18, lamano akuluakulu. M'matope linagwiradi. Koma sipanathe mwezi, njinga inayamba khalidwe lachilendo. Ndikapotokola moto pa giya yachitatu, injini inkalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka. Tsiku lina ndinaikankha ndithu, ana anga omwe akundipitirira pa njinga zakapalasa.

Chochititsa manyazi n'chakuti ndimaphunzitsa fizikisi. Tayala lakale linali pafupifupi mainchesi 24 kudutsa pakati, latsopano 25. Zikuoneka zochepa, koma tayala likakula, mphamvu imene limakankhira pansi imachepa, injini n'kukhala ngati yanyamuka pa giya yapamwamba. Onjezanipo matope ndi thupi langali. Pofuna kuti isazime ndinkangogwira kilatchi theka, mapuleti n'kumapsa. Phunziro la moments ndaliphunzitsa zaka zoposa 15, koma pa njinga yanga sindinaliganizire.

Loweruka lina kunabwera mnyamata amene ndinamuphunzitsa kale, panopa ndi makaniko ku Migowi. Fizikisi sanakhoze. Ndikukumbuka kuti ndinamulemberapo mawu olasa mtima pa lipoti. Anafika ndi sipana yapadera imene ine ndinalibe, n'kukhala pa njerwa. "Aphunzitsi, ine sindigwira. Mumasule nokha, ndizingokuuzani."

Tinakhutula oyilo, n'kuchotsa chovundikira cha kumanja kwa injini. Mabawuti anayi a masipuling'i anati ndimasule pang'onopang'ono modumphitsa, osati limodzi mpaka kutheratu. Mapuleti ogwira aja anali atasalala, ena achitsulo atasanduka abuluu ndi kutentha. Achitsulowo tinawagoneka pa galasi la windo kuti tione ngati apindika, ndipo awiri ankagwedera. Masipuling'i ndinawayeza ndi vernier ya ku labu imene ndinabwereka kwa ahedi. Onse anali afupi poyerekeza ndi atsopano.

Kenako anafunsa za oyilo. Ndinamuonetsa chigubu monyadira: oyilo wa galimoto, wotsala kwa mlamu wanga. Anagwira pakamwa. Kilatchi ya njinga zoterezi imasambira mu oyilo wa injini, ndipo oyilo wina wa magalimoto ali ndi mankhwala oteretsa amene amapangitsa mapuleti kuphonyana. Pa botolo muziyang'ana mawu akuti JASO MA. Safunsa anadya phula, anzanga.

Mapuleti atsopano anagona mu oyilo usiku wonse. M'mawa mwake ndinawaika mosinthanitsa, logwira kenako lachitsulo, pamodzi ndi masipuling'i olimbirako ndi gasiketi yatsopano. Waya wa kilatchi ndinausiyira mpata wa mamilimita awiri kapena atatu pa chogwirira, chifukwa ukakungika kwambiri kilatchi sitseka bwino.

Ndinkafuna masipuling'i olimbitsitsa, koma iye anakana. Anati dzanja lidzatopa, waya udzaduka, vuto lenileni likadalipo. Mankhwala ake ndi sipuloketi yakumbuyo. Tinachotsa ya mano 38 n'kuikapo ya mano 41, ndi tcheni chatsopano. Liwiro la pa tala latsikako, koma m'matope njinga ikukoka popanda kuzunza kilatchi. Ndinazindikira kuti amandifotokozera moments yomwe ija, koma ndi manja.

Ndalama zinapitadi, malipiro a mwezi umenewo anapuwala, ndipo mayi a kunyumba sanasangalale. Koma sabata yonse yathayi ndafika belu lisanalire.

Lolemba ndinatenga mapuleti opsawo ndi masipuloketi awiri aja n'kupita nawo m'kalasi. Ana anawerenga mano, anayeza, anatsutsana. Mtsikana wina amene sayankhula ndiye anayamba kupeza yankho. Aphunzitsi anzanga, mwina ana ena timawalemba kuti ndi mbuli chifukwa sitinawapatsepo chinthu choti agwire.

Kwa iwe wa ku Migowi, ndikudziwa uwerenga izi: zikomo, ndipo mawu a pa lipoti aja ndawabweza.