Galimoto Yokalamba Ikayamba Kunjenjemera

Mwa matenda onse amene eni galimoto amadza nawo pa galaja yanga, palibe nthenda imene imadya ndalama za munthu pachabe koposa kunjenjemera kwa injini, pakuti chizindikiro chake n'chimodzi koma magwero ake ndi ambiri, ndipo mmisiri wopupuluma angathe kum'gulitsa mwini wake zitsulo zatsopano zosawerengeka nthenda ili chikhalire. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotero ine, ndisanagwire sipanala, ndimayamba ndam'khazika mwini galimoto pa benchi ndi kum'funsa kuti, "Kodi, bambo, imanjenjemera ili chiimire, kapena ponyamuka, kapena ikathamanga?" Ikamagwedeza chiwongolero pa liwiro lalikulu lokha, mlandu uli ku matayala, ikamadukiza ponyamuka pokha, ndimakayikira kilatchi, imene kawirikawiri imakhala itanyowa ndi oilo wodontha kumbuyo kwa injini. Koma ikamanthunthumira ili chiimire, pamenepo ndiye ntchito yanga yeniyeni yayamba.

Ndinene za Nissan 1400, kagalimoto kabokosi kamene ankapanga ku Rosslyn, m'dziko la South Africa, kufikira chaka cha 2008, ndipo kasenza chimanga, njerwa ndi odwala m'midzi yathu mosanyinyirika. Injini yake ili ndi masilinda anayi, amene amayaka molandizana, 1, 3, 4, 2, ndipo imodzi ikagona, atatu otsalawo amakoka motsimphina. Pofuna kudziwa yagonayo, ndimailiza injini pang'onopang'ono, ndi kuzula waya wa pulagi umodziumodzi ndi pulayala ya mpira kuchigwiriro. Waya umene ndikazula injini nifooka, silinda yake ili moyo. Umene ndikazula kulira nikukhala chimodzimodzi, pamenepo ndi pamene pali maliro. Ndikamasula pulagiyo ndimaipenyetsetsa padzuwa, chifukwa iyo ndi mboni yosanama: ikakhala yofiirira ngati chikonyo cha chimanga chowamba pang'ono, zonse zili bwino, ikadetsedwa ndi mwaye wouma, petulo wachuluka, ikanyowa ndi oilo, maring'i a pisitoni kapena njira za mavavu zatha, ikayera mbuu, injini ikumwa mpweya wakuba, ndipo ndimatchera khutu pa gasiketi ya pansi pa kabyuleta kufunafuna kamluzu kake.

Pali chinanso chimene anyamata anga ndimawakumbutsa. Petulo wa kuno kwathu amam'sakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikakhalitsa osayenda, madzi amadikha m'thanki, dzimbiri nilitseka timabowo ta m'kabyuleta. Ndisanatsutse injini yonse ndimaonanso mipira imene injiniyo imakhalapo, popeza mpira ukang'ambika, ngakhale injini yangwiro imagwedeza galimoto mpaka mano.

Tsono za ekizozi. Indetu ambiri amadza atatsimikiza kale mumtima kuti paipi yaikulu yonyezimira idzabweza unyamata wa galimoto yao, ndipo zimandiwawa kuona munthu akutaya ndalama za feteleza pogula phokoso. Paipi sichiza injini yodwala. Koma ili ndi umboni wake. Ndikaika kapepala pakamwa pa paipi injini ikulira, kayenera kukankhidwa kosalekeza. Kakamayamwidwa m'kati mwa apo ndi apo, ndimadziwa kuti vavu yotulutsa utsi yapsa. Ndipo sayilensa ikawolera m'kati, zitsulo zake nizigwa ndi kutseka njira, galimoto imalira bwino pabwalo, koma ikafika pa chitunda cha Chiweta, kapena pokwera kuchoka ku Chikwawa kulinga ku Blantyre, imabanika ndi kutha mphamvu.

Injini ikachira, pamenepo ndimavomera kukonza ekizozi, ndipo ndimaikonza mokondwa. M'malo mwa chitsulo chakale chimene chimasonkhanitsa utsi wonse pamodzi, ndimaika cha nthambi zinayi, silinda yoyamba ikumane ndi yachinayi, yachiwiri ndi yachitatu, kuti utsi wa imodzi pothamanga uzikoka wa inzake. Kwa injini yaing'ono yotere paipi ya mamilimita 45 ndimaiyesa yokwanira. Yoposa apo kwambiri imaulesa utsi, galimoto nifooka ponyamuka ndi katundu, kumene kuli kofunika koposa kwa mlimi. Walira mvula walira matope: utsi ukamatuluka momasuka, kabyuleta iyenera kuchunidwanso, kuopa kuti petulo angachepe, mavavu n'kupsa. Powotcherera ndimasiya mpata wa zala ziwiri pakati pa paipi ndi thupi la galimoto, kutali ndi mapaipi a petulo ndi a mabuleki, ndipo ndimaipachika pa mipira yatsopano, osati pa waya wa mpanda monga ndimaonera m'misewu.

Potsiriza ndimatseka kukamwa kwa paipi ndi chiguduli kwa kamphindi, ndi kumvetsera ngati pali pamene pakupuma, chifukwa mu utsi muli mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, koma umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Inu amene mumanyamula ana ndi okalamba m'galimoto zakalezi, mukamva utsi muli m'kati, kapena mutu ukayamba kulemera paulendo, tsitsani magalasi nthawi yomweyo, ndipo musanyamulenso munthu musanaionetse kwa mmisiri.