Musasiye nsima chifukwa cha mauka: zimene ndaona ku Joni, kwa azimayi anzanga a ku Songani

Achemwali anga, azilamu ndi amayi nonse a kwathu ku Songani, ndakhala chete nthawi yaitali koma lero ndiloleni ndilankhule. Pali kalata imene ikuzungulira pa WhatsApp, yonena kuti amene akuvutika ndi mauka, kapena kuti candida monga akulembera, asiye nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nthochi, mango, buledi ndi shuga kwa miyezi ingapo, ndipo azichita masewera olimbitsa thupi kuti matendawo atuluke ndi thukuta. Achemwali ena andiimbira foni kundifunsa ngati n'zoona, poti ine ndili kuno kumene zinthuzi zimachokera. Akuti anayamba kale kutsatira, ndipo pochokera ku dimba anamva chizungulire mpaka anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Zandikhudza kwambiri, n'chifukwa chake ndalemba motalika chonchi. Sindine dokotala ayi. Ndine mayi wogwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg, amene ndaphika chakudya chimenechi ndi manja anga, ndipo ndafunsa manesi ndi kuwerenga.

Kumene ndimagwira ntchito, madamu anatsatira kadyedwe kameneka, ndipo wokonza chakudya chawo ndinali ine. Tamverani zimene zinkakhala pa mbale ya munthu amene akuti wasiya zakudya. M'mawa mazira awiri okazinga ndi mafuta a kokonati, theka la peyala ndi sipinachi. Pakati pa m'mawa yogati wopanda shuga ndi mtedza wa amondi wodzaza dzanja. Masana chidali cha nkhuku ndi saladi wothira mafuta a olivi. Madzulo nsomba kapena nyama ya nkhosa ndi ndiwo zamasamba mitundu itatu. Pambali pa ketulo panali mzere wa timabotolo ta mapilitsi a ku famase, ena a adyo, ena amene amati muli tizilombo tabwino ta m'mimba. Kabotolo kamodzi mtengo wake ukhoza kudyetsa banja kwathu masiku angapo. Munthu wotereyu akachotsa buledi ndi shuga, pamatsala zambiri. Nanga inu mukachotsa nsima, mbatata ndi chinangwa, pa mphasa patsala chiyani? Bonongwe ndi matemba awiri a ku Chilwa?

Tsono za masewerawo. Kuno munthu amasankha yekha tsiku lotuluka thukuta. Amakwera galimoto kupita ku jimu, amapalasa njinga yosayenda kwa theka la ola, amasamba, n'kukweranso galimoto. Loweruka m'mawa ambiri amasonkhana ku Delta Park kuthamanga kapena kuyenda makilomita 5. Masewera amenewa amatchedwa parkrun, ndipo anayambira pomwepo m'dziko muno mu 2011, atabwera nawo Bruce Fordyce, katswiri wa mpikisano wothamanga wa Comrades. Ndinapitako, ndipo ndinakondwa kuona agogo, ana ndi amayi okankha timangolo ta makanda akuyenda limodzi popanda kulipira kanthu. Koma ndinaonanso kuti madamu, m'masabata oyamba a kadyedwe kaja, analephera kuthamanga. Miyendo inkalemera, mutu unkawawa, mtima unkapsa msanga. Anzawo anawauza kuti ndi chizindikiro chakuti tizilombo tikufa m'thupi, apirire. Iwo anangochepetsa, n'kumachita yoga pa kapeti ndi kugona masana. Anatha kutero chifukwa wochapa, wokolopa ndi wophika analipo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kuno anthu amavala mawotchi owerengera mphindi zimenezo. Mayi wa kwa Malemia amazikwanitsa lisanafike Lachitatu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo amaisenza kuchokera ku mjigo maulendo angapo dzuwa lisanakwere, mwana ali kumbuyo. Kenako khasu, kapena kuwerama tsiku lonse m'matope a sikimu ya mpunga ya Domasi, kapena kutsika ndi mtolo wa nkhuni kuchokera m'phiri, kapena kusenza dengu la tomato ndi kabichi kukafika nalo pa msika wa Songani. Achimwene athu a kabaza amapalasa ndi munthu kumbuyo kukwera zitunda za msewu wa Zomba. Ntchito imeneyi ilibe tsiku loti lero ndachepetsa. Mphamvu zake zimachokera mu nsima yomweyo, mu phala la mgaiwa, mu futali ndi mu thobwa. Minofu imasunga mphamvu yochokera ku zakudya zokhutitsazi, ndipo ikatha popanda kubwezeretsa, munthu amanjenjemera, amachita chidima m'maso, amagwa. Chizungulire cha achemwali aja ndi njala, si kufa kwa tizilombo. Achibale athu achisilamu amene amasala mwezi wa Ramadan uku akulima amadziwa bwino mmene thupi limakhalira likamagwira ntchito m'mimba muli pululu, ndipo iwo dzuwa likalowa amadya.

Ndinafuna kudziwa kumene maganizo amenewa anachokera. Anafala kwambiri ku America dokotala wina, William Crook, atatulutsa buku lotchedwa The Yeast Connection m'zaka za m'ma 1980. Iye ankati kutopa, kuiwalaiwala, kutupa mimba ndi kukhumudwa zimadza chifukwa cha candida wochuluka m'thupi lonse. Mu 1986 bungwe la madokotala a matenda a ziwengo ku America linanena poyera kuti maganizowa alibe umboni. Mu 1990 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa amayi amene ankati ali ndi vutoli: ena anapatsidwa mankhwala opha candida otchedwa nystatin, ena mapilitsi opanda mankhwala, ndipo pa nkhani ya kutopa ndi zina zija panalibe kusiyana. Mpaka lero palibe kafukufuku wodalirika amene waonetsa kuti kusala zakudya kotereku kumachiritsa candida. Amene amamva bwino akayamba, n'chifukwa choti asiya makeke, zakumwa zotsekemera ndi mowa, ndipo ayamba kudya ndiwo zamasamba. Zimenezo zikhoza kumupepukitsa aliyense. Ngakhale nkhani ya yisiti wa mu buledi ndi mandasi ndi yosokonekera: yisiti ameneyu ndi mtundu wina, si candida, ndipo amafa ndi moto pophika.

Musandimve ngati ndikuti matendawo kulibe. Alipo, ndipo amazunza. Amene anayabwapo kumaliseche mpaka kulephera kugona, kapena kukhala m'tchalitchi akungosinthasintha kakhalidwe, akudziwa. Candida ndi kafangasi kamene kamakhala pa khungu, m'kamwa, m'matumbo ndi m'njira ya amayi ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Kakachuluka kamabweretsa kuyabwa, kutentha pokodza ndi chikazi choyera chokhala ngati chambiko. Pafupifupi amayi atatu mwa anayi alionse amakumana nazo kamodzi kapena kuposa pa moyo wawo. Si chizindikiro cha uve kapena chiwerewere. Zimene zimachititsa kuti kachuluke zimadziwika: kukhala woyembekezera, matenda a shuga osasamalidwa, kutsika kwa chitetezo cha m'thupi monga ndi HIV, ndiponso kumwa maantibayotiki. Chomalizachi ndichikhomere, chifukwa kwathu timagula makapisozi a amoxicillin ndi Bactrim pa okala ngati maswiti, chimfine pang'ono kapisozi, m'mimba pang'ono kapisozi. Mankhwalawa amapha ndi tizilombo tabwino tomwe timateteza njira ya amayi, candida n'kupeza malo.

Ife a ku Zomba sitiyenera kuchita chibwana ndi zoyera za m'kamwa. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira achibale amene lilime linkayera, kumeza kumawawa, mpaka kulephera ngakhale phala. Ameneyo analinso candida, atafika kummero chifukwa chitetezo chinali chitatha. Chimene chinasintha zinthu si kusala nsima. Ndi ma ARV aulere amene boma linayamba kupereka mu 2004, ndi kiliniki ya Tisungane imene inatsegulidwa chaka chomwecho pa chipatala chachikulu cha Zomba, ndi mankhwala a fluconazole. Choncho munthu wamkulu akaona zoyera m'kamwa, kapena mayi akaona kuti mauka akubwerabwera katatu kanayi pa chaka, chofunika ndi kutenga buku la kuchipatala n'kupita ku Domasi kapena ku Zomba kukayezetsa HIV ndi shuga. Miyezi imene munthu angataye akusala mango ndi miyezi imene matenda a shuga akhoza kukhala akuwononga maso ndi impso mwakachetechete.

Apa m'pamene shuga ndi masewera zimalowadi m'nkhaniyi. Munthu amene alibe matenda a shuga, akadya nsima thupi lake limadziwa kusunga mlingo wa shuga m'magazi. Amene ali ndi matendawa, shuga amakwera m'magazi mpaka kutulukira mu mkodzo, ndipo candida amasangalala. Kwa ameneyu kuchepetsa mitanda, kusankha mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, kumwa mankhwala ake ndi kuyenda tsiku lililonse kumathandizadi. Koma achite motsogoleredwa ndi achipatala, chifukwa amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin akasiya kudya n'kupita kumunda, shuga amatha kutsika mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, inu ndiye kalatayo musaiyandikire n'komwe.

Chimodzi chimene ndachikonda kuno ndi chakuti amayi amalankhula za matendawa popanda manyazi. Mayi amalowa mu famase n'kunena vuto lake pa kauntala, amapatsidwa clotrimazole wopaka kapena woika kunjira, ndipo kawirikawiri m'masiku ochepa amachira. Kwathu timabisa, timanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, mapeto ake timapita kwa agogo odziwa zitsamba kapena kwa odula ndi lezala. Anganga athu ndimawalemekeza, anatilera ndi nzeru zambiri, koma kudula mauka ndikukana ndi mtima wanga wonse. Lezala sachotsa kafangasi. Amasiya bala pamalo ofewa, ndipo bala limenelo ndi khomo la HIV ndi matenda ena. Chimodzimodzi kuika zitsamba, adyo, mandimu kapena sopo mkati, ndi kutsuka mkati ndi chala tsiku lililonse: zimachotsa chitetezo chachilengedwe cha malowo. Kusamba kunja ndi madzi oyera n'kokwanira. Dziwaninso kuti zimene tonse timangoti mauka sizikhala candida nthawi zonse. Chikazi chikakhala chonunkha, chachikasu kapena chobiriwira, akhoza kukhala matenda ena ofuna Flagyl, ndipo ena mwa amenewa amafuna kuti abambo a kunyumba alandirenso mankhwala. Kuno nako amalakwitsa pomwepa, amangogula timabotolo osayezetsa, kusiyana n'kwakuti iwo amataya ndalama pamene ife timataya magazi.

Pa za thukuta, kalatayo yatembenuza zinthu. Thukuta silitulutsa candida. Kafangasika kamakonda malo ofunda ndi onyowa, monga kunsi kwa mabere, m'mphechepeche ndi m'mapindi a mimba. Amayi a ku jimu amalangizidwa kuvula zovala zothina akangomaliza, ndipo langizo limeneli ndi lothandiza kwathunso, makamaka mu Okutobala ndi Novembala kukamatentha. Mataiti a nailoni amene timagula pa kaunjika n'kuvala mkati mwa chitenje tsiku lonse amasunga chinyezi. Mukabwera kumunda kapena ku mpira wa manja, sambani, pukutani bwino, valani panti wa thonje wouma. Ndipo mapanti tiziyanika padzuwa, osati pansi pa matiresi kapena pa msomali kuseri kwa chitseko chifukwa choopa maso a apongozi. Phimbani ndi kansalu kopyapyala ngati manyazi akuvuta, koma aume.

Ngati mukufuna kusiya kanthu, siyani masupuni anayi a shuga mu tiyi, Sobo wa tsiku ndi tsiku, ndi zakumwa za m'mabotolo. Dziko lino linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu 2018 chifukwa cha kunenepa ndi matenda a shuga, ndipo ife obwera timagwa m'mbuna yomweyo: buledi woyera, tchipisi ndi botolo la malita awiri, poti ndi zotchipa ndipo tafika kunyumba titatopa. M'malo mochotsa, onjezerani. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa ku sikelo za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo pa Songani onse alipo: nandolo, khobwe, nsinjiro, nkhwani, chisoso, therere, mazira, matemba, mapeyala, mapapaya. Peyala limene madamu amagula limodzilimodzi mu shopu, kwathu limagwa lokha mumtengo.

Kwa anzanga amene tili kuno ku Joni, ku Cape Town ndi ku Durban, ndikudziwa kuti ena mukuopa kupita ku kiliniki chifukwa cha magulu amene amatsekereza alendo pa geti. Mafamase ambiri akuluakulu ali ndi nesi amene amayeza shuga ndi HIV pa mtengo wochepa, osafunsa zambiri. Yambirani pamenepo. Ndipo musanatumize kalata ina iliyonse ya zakudya ku gulu la kumudzi, ganizirani kaye zimene wolandirayo adye madzulo ano ndi ntchito imene ikumudikira mawa m'mawa. Achemwali aja ndawauza kuti abwerere ku nsima yawo, ndipo ndawatumizira ya thiransipoti kuti Lolemba akayezetse ku Domasi.