Pansi pa Phompho la West Bay

Ukachoka padoko la West Bay, ku Dorset m'dziko la England, n'kulowera kum'mawa, nyanja imakhala kumanja ndipo kumanzere kwaima chiphompho chachikasu. Zikwangwani zimachenjeza kuti usayende m'tsinde mwake, poti chimagumuka mosapereka chizindikiro. Ndinadutsa chapatali ndithu, n'kumaima pa zibuma zomwe zinagwa kale.

Mwala umenewu ndi Bridport Sands. Ukaukhudza umasiya mchenga wosalala m'zala. Koma kweza maso: mphepo ndi mvula zadya malo ofewa, ndipo mizere ya mwala wolimba yatsala itatulukira kunja ngati mashelefu, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mizereyo inamatidwa ndi laimu, moti timipata ta pakati pa mchenga tinatsekeka.

Mwala womwewu uli pansi pa nthaka, mamita pafupifupi 900, ku Wytch Farm kufupi ndi Poole, komwe anapeza mafuta mu 1973. Kumeneko palibe amauona chonchi. Injiniya amalola chitsime kutulutsa mafuta kwa kanthawi, kenako n'kuchitseka, ndipo kachipangizo kotsitsidwa m'munsi kamalemba momwe mphamvu ya mafuta ikukwereranso. Mwala ukakhala wolola mafuta kudutsa, mphamvuyo imabwerera msanga. Ukakhala wothina, imakwawa. Pa kakweredwe kameneka, motsata njira yomwe katswiri wina dzina lake Horner anafalitsa mu 1951, amawerengera kuti mwalawo umadutsitsa mafuta motani.

Ndinaima nthawi yaitali poyang'anizana ndi malo ena pomwe mizere yolimba yathithikana kwambiri. Chitsime chimapereka nambala imodzi yoimira khoma lonseli, ndipo nambalayo imanena makamaka za mafuta oyenda chopingasa, motsata mchenga wofewa. Nanga ofuna kukwera kapena kutsika? Amagunda mzere wolimba n'kuima, pokhapokha apeze mng'alu. Ming'alu ilipo, ndinaiona ikudula mizere ina kuchokera pamwamba, pomwe ina yangoyenda osaduka mpaka diso kutopa.

Ine ndimaona kuti aliyense womanga chithunzi cha nkhokwe ya mafuta pa kompyuta ayenera kufika pamalo otere. Akamwaza nambala imodzi ija m'zigawo zonse mofanana, madzi omwe amapopera pansi kuti akankhe mafuta adzathamanga bwino pa kompyuta, pomwe pansi pa nthaka atsata mzere umodzi wofewa n'kusiya mafuta m'mizere yoyandikana nayo.

Chakutsogolo, kufupi ndi Burton Bradstock, mafunde anali atayamba kunyambita zibuma, ndipo ndinakwera kukadzera njira ya pamwamba.