Zingwe za Tirigu za pa Commissioner Street

Ine ndine munthu wa kwa Mbenje, wobadwira pafupi ndi Sorgin. Ndinakulira nsima ya mapira ndi ya mcewere, ndiwo zace makakana ndi milamba ya m'Shire, ndipo caka ca njala tinadyanso nyika za m'dambo. Cifukwa cace sindinadziyesa munthu wosankha zakudya, kufikira tsiku lija ndinakhala pansi m'nyumba yodyera ya anthu a ku China mu Johannesburg.

Mwana wanga wacisamba ananka ku Joni mu 1 wa zaka zija anyamata ambiri a kwathu ankapita, ndico caka ca 2011. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti atsirize sukulu, ndikuyembekeza kuti adzakhala mlembi kapena mphunzitsi. Pomfunsa za nchito yace ankangoti, “Ndiri m'hotela, Baba.” Madzi atasefukira mu Januwale 2015 natenga nyumba yathu ndi nkhokwe, ndiye amene anatumiza ndalama za njerwa ndi malata. Caka cinzace anatumizanso za ulendo, ndipo ndinakwera basi pa Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge, ndi kufika miyendo itatupa.

Pamenepo ndipo ndinadziwa kuti mwana wanga ndi wophika. Kunena zoona, mtima wanga unagwa. Atate wanga ananka ku migodi ndi Wenela, nabwera ndi njinga ndi cifuwa cimene cinawapha. Koma pamudzi anawayesa mwamuna. Kodi ine ndikanena ciani pa bwalo, kuti ng'ombe zanga ziwiri zinabala munthu wa pa mafuwa? Ndiponso kwathu anthu amanena zambiri za zimene a ku China amadya, ndipo ine ndinazikhulupirira zonse osaona ndi maso.

Nyumbayo inali kumadzulo kwa Commissioner Street, m'dera la Ferreirasdorp, kumene amalonda ocokera ku dziko la Canton anakhazikika golidi atapezeka mu 1886. Amenewa ndi osiyana ndi anthu oposa 63,000 amene eni migodi anawatenga ku China kuyambira 1904, nawabweza onse pofika 1910. M'zaka za m'ma 1990 obwera catsopano anamanga masitolo ao ku Cyrildene, ndipo mseu wakalewo unatsala ndi zitseko zambiri zotseka. Momwe tinalowamo munali magome a matabwa otha m'mphepete, nyali zofiira za pepala, ndi mai wokalamba wowerenga ndalama pakhomo, wobadwira mu Johannesburg momwemo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri monga ticitira kwathu, nanditsanulira tiyi wopanda shuga kapena mkaka m'kacikho kopanda cogwirira. Ndinamwa mwaulemu, koma sindinamkonda tiyiyo, ndipo kufikira lero sindimkonda.

Ndiri cikhalire ndinapenya pa kazenera ka kukhicini, ndipo ndinaona mwana wanga. Anali ndi ciwaya cakuya pa moto waukali wolira ngati mphepo. Anathiramo mafuta, adyo, nyama ya nkhuku yodula mopyapyala ndi kabici, natsanuliramo zingwe za ufa wa tirigu ndi mazira zimene anayamba waziwiritsa, nathira msuzi wakuda wa nyemba za soya, naponya zonse m'mwamba ndi dzanja limodzi, osagwa pansi ngakhale kamodzi. Anyamata awiri anali kumtumikira, ndipo iye ndiye anali kulamulira. Sindinaziganizira zimenezi.

Anadza nazo mbale ziwiri iye mwini. Ina inali yokazinga ija, imene amaicha chow mein. Ina inali ya msuzi woyera, m'mene munali zingwe zomwezo ndi timitanda ta nyama tokulunga mu ufa, dzina lace wonton. Inu owerenga, zinafanana ndi nyongolotsi za m'dimba mvula itagwa! Pambali panali timitengo tiwiri. Ndinayesa katatu, zingwe zinaterereka, ndipo ndinatenga mpeni kuti ndizidule.

“Musadule, Baba,” anati mwanayo pang'onopang'ono. “Eni ace amati zingwe zazitali ndizo moyo wautali, ndipo amaphikira makolo ao pa tsiku lokumbukira kubadwa. Inu caka cino mwakwanitsa zaka 70. Ndico cifukwa ndinakuitanani.”

Ndinaika mpeni pansi. Iye anaimirira pomwepo, manja kumbuyo, monga ankaimira ali mwana pondionetsa pepala la mayeso. Ndinazindikira kuti zaka zisanu anandibisira nchito yace poopa nkhope yanga, ndi kuti malata amene ndigona pansi pace anaturuka m'ciwaya cija. Ndinasamba m'manja, nditenga zingwezo ndi zala monga munthu wa kwa Mbenje, ndi kudya. Za msuzi zinali zofewa ndi zozizirira mcere; zokazinga zinali ndi pfungo la utsi ngati la nsomba yowamba, ndipo zimenezo ndinatsiriza mbale yonse. Mai uja anaseka kwambiri poona zala zanga, nabweretsa foloko, koma ndinali nditatha.

Madzulo mwanayo anandiuza cinthu cimene cakhala m'mutu mwanga. Mu 2002 okumba zakale anapeza pa Lajia, m'mbali mwa mtsinje waukuru wa ku China wochedwa Yellow River, mbale yobvundikira, ndi pansi pace zingwe zotere za zaka ngati 4,000. Mudziwo unaonongeka ndi cibvomezi ndi madzi osefukira, ndipo akatswiri ananena mu 2005 kuti zingwezo zinali za mbeu zonga mawere. Tsono anali alimi a m'cigwa ngati ife, odya mbeu za dziko louma, ndipo madzi anawapeza cakudya ciri m'mbale. Ine ndinakumbukira mphika wathu wa nsima umene tinausiya pa moto usiku uja wa 2015.

Pobwerera anandipatsa timitengo tiwiri tija. Ndinatitsomeka pa denga la khicini, ndipo amai ace amatengako kamodzi kulasira mbatata kuti aone ngati zapsa. Anthu akandifunsa pa msika wa Sorgin kuti mwana wanu agwira nchito yanji ku Joni, ndimayankha kuti amaphika, ndipo ali ndi anyamata awiri.