MKULU AMENE ANAGONA PA THEBULO KU KAFUE

Kumudzi nkhani ya malo ogona mlendo sibvuta. Mbale akafika dzuwa litapendeka, anyamata amasesa m'gowelo, kapena mbeta imapita kukagona kwa ambuya ake, ndipo mlendoyo amapatsidwa nyumba yakeyake. M'tauni siziri tero. Nyumba imakhala ya zipinda ziwiri, ana asanu, ndipo nthawi zina wobwerayo ndi atate ake a mwini nyumba, munthu amene mpongozi sayenera kuwaona atabvula malaya.

Izi ndizo zinagwera banja lina ku Kafue, tauni ya pamtsinje ija imene iri makilomita ngati 45 kumwera kwa Lusaka. Mkuluyo anacokera ku Katete. Maso ao anali atacita ng'ala, ndipo madokotala a ku Lusaka anati adzayamba kukonza diso limodzi, linalo pambuyo pake. Motero anayenera kukhala pafupi miyezi iwiri yathunthu, Juni ndi Julaye.

Kafue sanali malo acilendo kwa iwo. Paunyamata anagwirapo nchito pa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, m'zaka zija boma linali kumanga mafakitale m'tauniyi. Ya feteleza ya Nitrogen Chemicals inayamba mu 1970, ndipo nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito a mafakitale amenewa. Iwo anakhalapo m'nyumba yotero, ya magetsi ndi mpope. Koma mwana wao, amene ndi makanika, amakhala m'nyumba ya lendi ku Shikoswe, ndipo pabalaza pake usiku pamadzaza ana.

Kuseri kwa nyumbayo kunali cinthu cimene anansi anali kucicha kanyumba ka Azungu. Ndi bokosi lalikulu la malata ndi matabwa limene amalikweza kumbuyo kwa vaneti, kuti a paulendo wautali aziphikiramo ndi kugonamo. Magalimoto otere amapita pa mseu wa Kafue, pakuti ukaoloka ulalo ndi kuyenda pang'ono mseu umagawikana pa Turnpike, wina kulinga ku Chirundu, wina ku Livingstone, ndipo alendo ocokera ku South Africa amadzera pomwepo. Mmodzi wa iwo galimoto yake inafera panjira, ndipo atalephera kuikonza anagulitsa bokosilo kwa makanikayo pa mtengo wa zitsulo zakale. Linakhala pa njerwa zaka zitatu, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

M'kati mwake muli makama awiri, ngakhale wolowa amaona mmodzi yekha. Woyamba ali m'cigawo cija cimene cimatulukira pamwamba pa mutu wa dalaivala. Ameneyo ndiye kama wa akulu, wotambalala bwino, koma pokwerapo pafunika maondo amphamvu, ndipo denga liri pafupi kotero kuti wodzuka modzidzimuka amagunda mutu. Munthu wa zaka zoposa 70, diso limodzi liri lomangidwa, sakanakwera pamenepo mumdima. Waciwiri ngwobisika. Masana ndi thebulo pakati pa mabenchi awiri oyang'anana. Usiku munthu amazula mwendo wa thebulo, natsitsa thabwa lake kuti likhale pa timitanda tiwiri tokhomedwa m'mphepete mwa mabenchi, nayala makhushoni anai, awiri okhalira ndi awiri otsamira. Apo ndiye anawayalira mkuluyo.

Opanga zinthuzi amaganizira ana, kapena munthu wamfupi wogona usiku umodzi. Mkulu wa ku Katete anali wamtali ngati mlongoti. Usiku woyamba mutu unagunda cipupa, mapazi nagunda kabati ya mbale, ndipo anacezera atapinda miyendo. Sananene kanthu, pakuti mlendo sadandaula m'mawa woyamba. Tsiku lacitatu anatuma mdzukulu wao wamwamuna kukathyola bango kudambo. Anaimirira, nalidula pa msinkhu wao, naliika pa kama. Bangolo linapitirira ndi cikhatho cimodzi. Mwana wao atabwera ndi tepi anapeza kuti kamayo ngwa mamita 1.7 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pamene atate ake ndi a mamita 1.8. Anagwira pakamwa, nayamba kunena zogumula kabati.

Mkuluyo anangotembenuza bango lija, naligoneka kucokera pa ngondya ina kufika pa ngondya ya kutsidya. Linalowa, malo natsalako. Koma munthu si bango, ali ndi mapewa, ndipo pogona mopingasa cotero zidendene zinali kulendewera pang'ono cakunjira. Anaikapo kampando kofanana msinkhu ndi benchi, napindapo thumba pamwamba pake. Kabati inapulumuka.

Bvuto laciwiri linali lalikulu kuposa loyamba, ndipo ndilo limagonjetsa akulu ambiri pa makama otere. Makhushoni anai ali ndi mipata itatu, ndipo mpata wapakati umakhala pomwe pafika ciuno. Munthu akatembenuka makhushoni amatalikirana, ciuno nkulowa mumpatamo kufikira cikhudza thabwa. Otsamira aja ndi opyapyala kuposa okhalira, kotero msana umagona pa zitunda ndi zigwa ngati munda wa mbatata. Makanikayo anafuna kugula matiresi atsopano, koma a m'sitolo ndi a mamita pafupifupi 1.9, sakanalowa. Amene anapeza nzeru ndi mkazi wake. Anagula mphasa pamsika, naidula pa muyeso wa kama, nauza mwana wake kuti aiyale mwakuti mabango ake adutse pamwamba pa mipata ija monga mitengo ya ulalo. Pamwamba anayalapo mabulangete awiri. Kuyambira usiku umenewo apongozi ake analeka kuyenda atagwira m'ciuno.

Sabata yaciwiri, pakati pa usiku, kunamveka kuti gwa! Kamtanda kamodzi kanazuka pamodzi ndi misomali yake, pakuti thabwa linali litafumbwa, ndipo thebulo linagwera pansi ndi mkulu yemwe. Onse anathamanga ndi nkhawa imodzi, ya diso lija linali litangokonzedwa. Mwamwai silinakhudzidwe. Apa makanikayo analakwa, ndipo iye mwini anabvomera. Munthu wozolowera kulowa kunsi kwa magalimoto anayenera kusuzumira kunsi kwa kama wa atate ake tsiku loyamba. Thabwa limene masana limanyamula mbale za nsima, usiku limanyamula pakati penipeni pa thupi la munthu wamkulu, ndipo zonsezo zimatsamira pa timitanda tiwiri. Kutaca anasanja njerwa kunsi kwake mpaka zinakhudza thabwa.

Juni wa ku Kafue ngwozizira, makamaka mbandakuca pamene nkhungu imakwera kucokera kumtsinje. Malata sasunga kutentha, ndipo mpweya wa munthu wogona umasanduka madontho pa zipupa. Usiku wina mpongoziyo, mwa cifundo cake, anatumiza mbaula ya makala kuti apongozi aothe. Mwamuna wake ataiona ikulowa anathamanga kukailanda. Makala oyaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wopanda pfungo ndi wosaoneka, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato, ndipo m'bokosi laling'ono cotero sutenga nthawi kudzaza. M'malo mwake anali kuocha njerwa panja, naikulunga m'nsanza, naiika kumapazi. Kazenera ka padenga anakasiya kotseguka pang'ono usiku uliwonse, ndipo neti ya udzudzu anaimangirira ku kama wa pamwamba uja.

Zonsezi zinatheka ndi manja. Cimene cinatsala pang'ono kulephereka ndi pakamwa pa anthu. Pampope panamveka mau akuti makanika uja waika atate ake m'khola la nkhuku, iye ndi mkazi wake akugona pa kama wa siponji. Mauwo anamfika, ndipo anamulasa. Madzulo anapita kukakhala pakhomo pa bokosilo, cipewa ciri m'manja.

"Atate, anthu akundinena. Tiyeni mulowe kucipinda, ife tizigona pabalaza ndi ana."

Mkuluyo anakhala cete kanthawi. "Ndikagone pa kama wa mpongozi wanga? Kodi iwe unakulira kuti?"

"Nanga pabalaza, Atate?"

"Pabalaza ndizidikira mpaka ana azime wailesi ya kanema, ndipo m'mawa ndizipinda zofunda amai akudikira kunja ndi tsache. Kuno ndiri ndi citseko canga. Ndikafuna kutuluka usiku sindilumpha mwana wa munthu. Mwandibwezera ku gowelo, ndipo ku gowelo ndinali kugona bwino kuposa ku Estates."

Anansi aja sananame konse. Kama waufupi ngwaufupi, ndipo miyezi iwiri yogona mopingasa siikomera msana wa nkhalamba. Koma iwo anaona bokosi, osaona kuti mlendo wa pabalaza amagona pomaliza nadzuka poyamba, ndiponso kuti munthu amene maso ake akudwala amafuna malo ogona masana popanda kupempha cilolezo.

Panatsala nkhani ya thebulo lenilenilo. Mpongoziyo anafuna kuti m'mawa uliwonse lizidzutsidwa, kuti apongozi azidyera pamalo aulemu monga anakonzera opanga. Koma kudzutsa thebulo ndiko kucotsa neti, mabulangete, mphasa, makhushoni ndi njerwa, ndi kuzibwezeranso madzulo, ndipo iye sakanalowa kumene apongozi ake amagona. Anagwada patali, nafunsa. Mkuluyo anati, "Lekani, amai. Nsima ndidzadyera pansi pa mango ndi anyamatawa." Thebulo silinadzukenso miyezi iwiri yonse, ndipo wosesa m'katimo anali mdzukulu uja wa bango.

Kumapeto kwa Julaye diso laciwiri linamasulidwa. Mkuluyo anapempha kuti awatengere ku ulalo wa njanji, uja unamangidwa mu 1906, ndipo ataima m'mbali mwa mtsinje anawerenga zigawo zake zonse 13 osafunsa munthu. Pobwerako analowa m'bokosi muja, nayang'ana kamayo ndi maso onse awiri kwa nthawi yoyamba. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Kodi ndinali kugona apa?"

M'mawa wa tsiku lokwera basi ya ku Katete anasomeka bango lija kudenga, naitana mwana wao. "Amai ako akadzabwera safuna bango, ngaafupi. Koma njerwazo usacotse."