Fungo la Mkungudza pa Phiri la Mulanje

Amalawi ambiri phiri la Mulanje timalidziwira pa zenera la basi. Timaliona litatumphuka kuseri kwa minda ya tiyi, n'kumaganiza kuti pamwamba pake pali nkhalango yowirira imene nkhwangwa siinafikeko. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka m'chaka cha 2024, pamene ine ndi anzanga atatu tinalidutsa wapansi kwa masiku asanu, kuchokera ku Likhubula kukatsikira ku Fort Lister.

Aliyense anabereka chikwama chake. M'kati munali ufa, usipa, mchere, shuga, poto, bulangete ndi tochi, pakuti kumwambako kulibe golosale. Wotiperekeza anali bambo wachikulire wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo. Tsiku loyamba tinakwera chitunda kwa maola oposa anayi, mawondo akunjenjemera, mpaka tinafika pa kanyumba kogonamo alendo ka Chambe. Pa chitundacho tinapatukira anyamata atatu amene ankatsika atasenza matabwa aataliatali, ena osavala ndi nsapato zomwe. Ife tinkadandaula ndi zikwama zathu, koma iwo ankatsetsereka mothamanga ngati sanasenze kanthu.

Madzulo mlonda wa pa kanyumbako anasonkha moto, ndipo m'chipinda monse munadzaza fungo lokoma limene sindinalimvepo chibadwire. Nditafunsa, bambo aja anati, "Umenewo ndi mkungudza, achimwene. Tikuotha zitsa zake, mwiniwake adapita kale."

Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Thabwa lake silifumbwa ndipo chiswe chimaliopa. Ubwino umenewu ndi umene unauputira tsoka, chifukwa aliyense ankaufuna pomanga nyumba ndi kukhoma mabwato. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri lonse.

Tsiku lachiwiri tinagona ku Chisepo, ndipo m'bandakucha wa tsiku lachitatu tinayamba kukwawa m'matanthwe kulinga pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Makolo ankati kumeneko ndi kwa mizimu, ndipo ukapezako chakudya uzingodya osaitana mnzako. Bambo aja anatiletsa kufuula ndi kusiyana mtunda. Tili pamwamba, nkhungu ya chiperoni inatikuta mwadzidzidzi moti mnzako woima pafupi sunkamuona. Tinakhala pansi n'kudikira mpaka kunayera, pokumbukira kuti safunsa anadya phula.

Kuchoka apo njira inatitengera ku Thuchila, kenaka ku Chinzama ndi ku Sombani. Tinadutsa m'madambo a udzu, tinamwa madzi ozizira a m'timitsinje, ndipo m'zigwa tinalowa m'tinkhalango ta mthunzi wabwino. Komabe paliponse pamene bambo aja ankaloza kuti panali mkungudza, tinkangoona zitsa zakuda ndi moto wolusa, ndi maenje a ocheka matabwa. M'mapheya ena munali mabala ofiira a zigumukire za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023.

Usiku wa ku Sombani ndinawafunsa ngati samakwiya akaona anyamata osenza matabwa aja. Anayamba akhala chete, kenaka anavula chipewa n'kutionetsa pa liwombo popanda tsitsi.

"Dazi ili si la ukalamba ayi. Ndasenza matabwa zaka zambiri, ndipo ana anga aphunzira ndi ndalama yake. Amene ankalemera ndi ogula a m'tauni, ife tinkangolandira ya mchere. Lero ndimadya chifukwa cha alendo ngati inu. Nanga phiri likayera mbee, mudzabweranso kudzaona chiyani?"

Funso limeneli silinandichoke m'mutu potsika ku Fort Lister, mpata umene kale munkadutsa amalonda a akapolo mpaka Angerezi atamangapo linga mu 1893. N'kosavuta kwa ife ophunzira kunyoza wodula mtengo tili m'kalasi, titakhala pa mipando ya matabwa. Koma mnyamata wosenza thabwa sanakwere phiri chifukwa chodana ndi mitengo. Chamukweza ndi njala, komanso ife ogula amene sitifunsa kumene thabwa lachokera.

Pafupi ndi njira tinaonanso timitengo ta mkungudza tobzalidwa, tina tofika m'chiuno, totetezedwa ndi mikwasa yotchinga moto. Ntchito imeneyi akuigwira a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, amene amafesa mbande n'kumazigulitsa. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ulemu umenewu ndi waukulu, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime. Timitengo timeneti tidzakula pokhapokha munthu wa m'tsinde mwa phiri akamapeza chakudya chochuluka pa mtengo woimirira kusiyana ndi pa mtengo wogwetsedwa.