Batani likhale lalikulu

Ntchito yanga ndi kupanga maapu a pa foni, makamaka mbali imene munthu amaiona n'kumadina: mabatani, timabokosi tolembamo manambala, kukula kwa zilembo. Ondilemba ntchito ambiri ndi ogula mtedza ndi soya ku Kamwendo ndi ku Mkanda, komanso amayi a geni amene amadutsa pa boda ya Mwami kukaoda katundu ku Chipata.

Chida changa chachikulu ndi Flutter, imene kampani ya Google inatulutsa mu 2018. Ndimaikonda pa chifukwa chimodzi. Ndikakulitsa batani pa laputopu, pa foni limakulanso pomwepo, osadikira kuti apu yonse imangidwenso. Choncho ndimatha kukhala pa sikelo ndi mwini bizinesi, iye n'kunena kuti, "Achimwene, nambala ya makilogalamu sikuoneka," ine n'kukonza thumba lotsatira lisanakwere pa sikelo. Wofuna kungolemba mayina a alimi ndi matumba awo sindimudyera ndalama pachabe. Ndimamukonzera fomu ya KoboToolbox, mafunso ake ndimawandandalika mu Excel, ndipo imagwira ntchito ngakhale netiweki palibe, n'kudzatumiza zonse ikabwera.

Koma kufulumiraku kumapusitsa. Zidazi zimabwera ndi maonekedwe okonzeratu, tizilembo totuwa, timabatani tating'ono, zokongola ndithu pa laputopu mu ofesi. Tengani zomwezo muziike pa foni ya itel yosweka galasi, padzuwa la mu Okutobala, chala chili ndi fumbi la mtedza: palibe chowerengeka. N'chifukwa chake ine ndimalemba zakuda bii pa choyera, ndipo batani ndimalipanga lalikulu loti chala chachikulu chisaliphonye. Mawu athu a Chichewa ndi ataliatali, amafunanso malo.

Chimene ndimasamala koposa ndi ndalama. Kuno ku malire kwacha zilipo ziwiri, ya Malawi ndi ya Zambia, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutali. Bokosi longolembedwa "K" lingathe kugwetsa mpamba wa munthu. Ndimalemba MWK kapena ZMW, iliyonse ndi mtundu wake, ndipo apu imafunsa kaye isanasunge.

Achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi, nthawi imene zidazi zakupulumutsirani musaithere pokongoletsa. Pitani nayo foniyo kumsika, muwapatse mayi wogulitsa adine okha, inu mukhale chete muone pamene akukakamira.